Kiyi wa Shopu ya Achemwali

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo, m'mawa wa tsiku limene ankakawachotsa bere, achemwali anga anandikoka ndi kolala mpaka khutu langa linagunda milomo yawo. Anali atavala kale chovala chobiriwira cha kuchipatala, chomanga kumsana chija, ndipo anali atanyoza kale amene anachisoka.

"Gwira," anatero, akundifumbatitsa kiyi wa shopu yawo yosokera zovala. "Abale athu ndikuwadziwa. Adzabwera ndi nkhope zachifundo, adzati ndipume, kenako adzatseka shopu yanga ati pondikonda. Iwe usadzalole. Lero, mawa, kaya liti, ine ndikagona m'chipatala kiyi ameneyu usadzampatse munthu. Lumbira."

Ndinalumbira. Ndinamumanga pachingwe cha nsapato n'kumuvala m'khosi milungu isanu ndi umodzi. Alamu, amuna awo, anandipempha kawiri, ndipo kawiri konseko ndinawakaniza ndikuwayang'ana m'maso. Achemwali atayamba kuyenda okha ndinawabwezera kiyi wawo. Chaka chisanathe mapepala anga opitira kunja anatuluka. Ndinati ndikakhalako zaka ziwiri.

Ndinakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndikusambitsa nkhalamba za eni ake m'nyumba yosungira okalamba. Masiku opuma ndinkathera mulaibulale, poti munkafunda ndipo munalibe wondifunsa kuti kwanu ndi kuti. Ndinawerenga zonse zimene ndinazipeza zokhudza khansa ya m'mawere, n'kumawatumizira achemwali malangizo ataliatali pafoni. Yankho lawo linali limodzi nthawi zonse: "Zikomo a Profesa." Dzinali anandipatsa ndili mwana, ndipo silinali loyamikira.

Nditabwerera kwathu, msewu wathu ndinaupeza utafupika. Sitolo ya mabuku, imene tinkaima pawindo lake tikuwerenga zikuto zokhazokha, inali itasanduka malo obetcherana za mpira. Mtengo umene tinkadikirirapo basi anaudula, n'kuzikapo chikwangwani chotsatsa mafoni. Anthu amene ndinawasunga m'mutu mwanga zaka zonsezi anali atamwalira, kapena atanenepa mosazindikirika. Chimene chinatsala ndi shopu ya achemwali, yopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wowotcherera zitsulo, chitseko chake chili ndi penti yakale yomwe ija.

Tsiku loyamba, tili pabalaza kunyumba kwawo, ndinatulutsa mphatso imene ndinainyamula pamiyendo ulendo wonse: bere lochita kupanga, la labala wofewa, m'kabokosi konga ka wotchi yodula. Achemwali analitulutsa, analitembenuza, analiyeza kulemera padzanja.

"Lokongola," anatero. "Koma Profesa, ili ndi la kumanja."

"Eya, la kumanja."

"Ine anandichotsa la kumanzere."

Ndinayamba kufotokoza kuti zithunzi zodzijambula pafoni zimatembenuza munthu ngati galasi, kuti zaka zonsezi ndinkawaona choncho. Anandisiya mpaka ndinamaliza.

"Ndiye titani? Ndikachotsetse linalo kuti mphatso yako isapite pachabe?"

Alamu anaseka kamodzi, kenako anakhosomola n'kutuluka panja. Ndi pamene ndinayang'anitsitsa mkono wawo wa kumanzere, umene anali ataugoneka pakhushoni. Unali wotupa kuchokera paphewa mpaka ku zala, waukulu ngati ntchafu, khungu lake lonyezimira. M'zithunzi unkakhala kuseri kwa munthu wina kapena pansi pa nsalu.

"Awa ndi abwana," anatero achemwali akuusisita. "Ntchito sagwira, koma m'mawa uliwonse ndiwasisite, ndiwadzoze, ndiwamange bandeji. Ukawachedwetsa amakwiya."

Zina zonse ndinazimva kushopu, pang'onopang'ono, makina akulira. Mapiritsi amene anamwa zaka khumi anawasiyira mafupa owawa, moti pokwera masitepe atatu a pakhomo ankaima kaye pa lachiwiri ngati akuganiza. Kachifuwa kalikonse, kakupweteka kalikonse m'msana, ankakhala sabata yathunthu osauza munthu, akumvetsera ngati matenda abwerera. Alamu anasamukira kuchipinda cha alendo ati poopa kuwagunda mkono ali mtulo, ndipo papita zaka khumi ndi chimodzi akuopabe.

"Ukadandaula amati bola moyo," anatero achemwali tsiku lina, ulusi uli pakamwa. "Kutchalitchi, bola moyo. Kuchipatala, bola moyo. Kamodzi pachaka amandiveka malaya apinki, n'kundiimika kutsogolo kuti anthu aombe m'manja. Amatitcha opulumuka, ngati tinagubuduzika ndi basi tsiku limodzi basi n'kudzuka kudzisansa fumbi. Palibe amene amafunsa kuti Lachiwiri wamba umalitha bwanji."

Kutsogolo kwa shopu ankasoka mayunifomu ndi kupinda mathalauza. Ntchito yawo yeniyeni inali kuseri kwa katani. Kumeneko kunkabwera amayi amene anachotsedwa mawere, ena ochokera kutali, atauzana okhaokha pamzere wa kuchipatala. Achemwali ankamuvula mayi, n'kunyamula bere lotsalalo padzanja lawo la kumanja, maso atatsinzina. Kenako ankathira timikanda ndi thonje m'kathumba kansalu yofewa, akuchotsa, akuwonjezera, mpaka dzanja litavomera kuti zafanana. Kathumbako ankakalowetsa m'thumba limene ankalisokera mkati mwa kamisolo. Sikelo analibe. Amati sikelo sidziwa kuti bere limagwa bwanji munthu akawerama.

Amene ankabwera kawirikawiri anali a Kondakitala, mayi wamawu aakulu wodula matikiti m'mabasi a maulendo ataliatali.

"Awa ndiye a kunja aja?" anafunsa tsiku loyamba, akundiyang'ana kuyambira kunsapato. "Amene anagula la mbali ina?"

"Omwewo," anatero achemwali. "Anawerenga mabuku onse kupatula mkulu wawo."

"Musadandaule asisi," anatero a Kondakitala, "ine ndinayamba ndi kuika masokosi a amuna anga m'kamisolo. Tsiku lina dalaivala waponda buleki, sokosi uyo, wagubuduzika mpaka kumapazi a abusa ena ake. Anatola, anandipatsa, ati mayi mwagwetsa katundu. Ndinati zikomo, tikiti yanu ili kuti?"

Anaseka awiriwo mpaka misozi. Kunyumba achemwali sindinawamvepo akuseka choncho. Kunyumba ankakhala pampando umene anawasankhira, akulandira kapu imene anawathirira, akuyankha kuti ali bwino.

Nditapempha kuti ndiziwathandiza, anandipatsa lamulo limodzi lokha. Zala zitatu za dzanja la kumanzere sizinkamva chilichonse. Popeza pa opaleshoni paja anawachotsanso timisempha ta m'khwapa, kabala kakang'ono pamkono umenewo kankatha kusanduka poizoni m'masiku awiri. Zinawagonekapo m'chipatala kawiri, kalekale. Kuyambira pamenepo anasintha kagwiridwe konse ka ntchito. Sizasi, singano, lumo, zonse zinkakhala kumanja kwa tebulo. Mapini pansalu ankawabaya onse mofanana, mitu kumanzere, kuti dzanja lakufalo likamatsetsereka pansalu lizikumana ndi mitu yokhayokha.

"Nsonga kumanja," anatero. "Zonse. Zaka zisanu ndi ziwiri tsopano sindinadzibaye. Wamva, Profesa, kapena ndikulembere buku?"

Lamlungu masana, achemwali atagona, alamu ndi mwana wawo anandiitanira pakhonde. Mwanayo ndinamusiya akusewera mpira wa mapepala. Tsopano anali kalaliki wa muofesi ina, wa tayi ndi kamimba, ndipo aliyense ankangomutcha Kalaliki.

"Amayi aang'ono," anayamba, akupukuta magalasi, "inu mwawerenga, ndiponso amayi amakumverani."

"Amayi ako sanamverepo munthu chibadwire."

"Mkono uja mwauona. Tsiku lonse uli lende pamakina, ndiye uleka bwanji kutupa? Eni nyumba ya shopu akuti wowotcherera uja akufuna kukulitsa malo ake. Tikangobweza kiyi, nkhani yatha. Makina tidzawasunga bwinobwino kuno, tidzawaphimba."

"Mudzawaphimba limodzi ndi eni ake?"

"Mlamu," anatero alamu mofatsa, "inu mwabwera dzana. Ife ndi amene timathamanga nawo usana ndi usiku akadwala."

Mawuwo anandilasa, koma ndinawauza kuti ndinalumbira, ndipo bola ndili pano shopu ija sitsekedwa. Ndinalowa m'nyumba ndikudzimva wamtali. Chinali chinthu choyamba chimene ndinachita bwino chibwerereni.

Lachisanu lotsatira a Kondakitala anasiya jekete yawo ya kuntchito kuti aibweze m'chifuwa, poti inkakoka mbali imodzi. Nsalu yake inali yokhuthala, yabuluu woderako. Achemwali anajambula mizere ndi choko n'kundikankhira kuti ndibaye mapini. Ndinali nditakhala mbali ina ya tebulo, moyang'anizana nawo. Ndinabaya mosamala, nsonga zonse kumanja, pakamwa pali yakaliyakali kuwafotokozera momwe kunja amachitira ndi mikono yotupa, za makina opopa, za madokotala a mkono wokhawokha.

"Kunja, kunja," anatero achemwali. "Ukanakhala komweko bwenzi tikupuma."

Ndinawakankhira jekete ija momwe inalili, osaitembenuza. Anaika dzanja la kumanzere pansalu n'kulitsetsereza kuti aiwongole, monga ankachitira kambirimbiri patsiku. Sanakuwe. Sanagwedezeke n'komwe. Anangoona kadontho pamzere wa choko.

"Wadontheza chiyani pajekete ya eni ake?"

Kenako anatembenuza dzanja. Mzere wofiira unayambira pachala chapakati mpaka pachikhatho, ndipo pini mmodzi anali atatsalira m'mnofu. Anayang'ana mapini ali ndandanda pansalu, nsonga zonse zikuloza kumanzere kwawo, kumene kunali kumanja kwanga. Anandiyang'ana ine. Ndinadikira chipongwe, ndinachilakalaka, koma sichinabwere. Anazula pini uja, anatsuka dzanja pampopi wa kuseri, anathira spiriti, anamata pulasitala.

"Zula onsewo uyambirenso," anatero. "Ndipo kunyumba usakanene kanthu. Angopezerapo mwayi."

Loweruka anati ali bwino. Lamlungu m'mawa sanathe kudzuka. Ankanjenjemera pansi pa mabulangete atatu, mkono uli psuu mpaka m'khwapa, wotentha moti unkaumva usanaukhudze. M'galimoto ya Kalaliki, mutu wawo uli paphewa langa, anapapasa m'chikwama ndi dzanja labwinolo n'kundifumbatitsa kiyi. Anali yemwe uja, wothetheka m'mphepete.

"Ukukumbuka?" ananong'ona.

"Ndikukumbuka, achemwali."

Masiku awiri oyamba sankazindikira bwino anthu. Ndinakhala pambali pa bedi ndikuwerenga madontho a diripi, ine amene ndinasamala anthu achilendo zaka zonse zija popanda kulakwitsa mankhwala ngakhale kamodzi. A Kondakitala anabwera ndi malalanje, atavala jekete yobwereka yosafika m'manja, ndipo anakalipira anamwino chifukwa chofuna kuyeza magazi pamkono wotupawo.

"Simukuona? Kapena maso munasiya kunyumba? Mbali iyi sagwira!"

Tsiku lachitatu kutentha kunatsika. Dokotala, mtsikana wotopa wa nsapato zothamangira, anatiitanira m'khonde la wodi, ine, alamu ndi Kalaliki.

"Apulumuka," anatero. "Koma aka n'kachitatu, ndipo nthawi iliyonse mkono umatsala woipirapo. Ulendo wina zikhoza kulowa m'magazi tisanazigwire. Bala lija analipeza bwanji?"

"Kushopu," anatero Kalaliki msangamsanga. "Ndakhala ndikunena ine."

"Zala zija sizimva," anawonjezera alamu. "Amadzibaya osadziwa."

"Zimatengera," anatero dokotala. "Ntchito payokha sindiletsa, ambiri imawathandiza. Ngati ali ndi njira yodzitetezera ndipo iyi inali ngozi yapadera, ndi nkhani ina. Koma ngati afika poti sangathenso kudziteteza okha, pamenepo muganize bwino. Analipo ndani?"

Onse atatu anatembenukira kwa ine.

"Munali nawo, amayi aang'ono," anatero Kalaliki. "Zinakhala bwanji?"

Yankho linali lalifupi ndipo ndinali nalo pakamwa. Zaka zisanu ndi ziwiri osadzibaya. Nsonga kumanja. Ndine. Koma ndinaona nkhope ya alamu, amene anandiuza kuti ndabwera dzana, ndinaonanso momwe nkhaniyo idzayendere pamaliro ndi pamaukwati mpaka ndidzafe: uja anathawa mkulu wake akudwala, anabwera ndi bere la mbali ina, kenako anatsala pang'ono kumupha ndi pini. Wina anadutsa akukankha bedi lopanda munthu, tinapatuka, tinabwereranso pamalo pathu. Ankandidikirabe.

"Anabaya okha mapini," ndinatero. "Ndikuganiza kuti anasokoneza mbali. Masiku ano amatopa msanga."

Dokotala anagwedeza mutu, analemba kanthu pafayilo n'kupita. Alamu anapuma mpweya wautali. Kalaliki anandigwira paphewa ngati munthu amene wamuthandiza kunyamula katundu wolemera.

Nditalowa muwodi ndinapeza achemwali atakhala tsonga, tsitsi lili nyankhalala, abwana atagonekedwa pamapilo awiri. Ankayang'ana katani wa pawindo.

"Taona mpendero uwo," anatero. "Amene anasoka ameneyo anali ndi ngongole ya tulo. Wati chiyani dokotala?"

"Wati mutuluka Lachisanu."

"Basi?"

"Basi."

"Ndiye mvera. Jekete ya a Kondakitala ikadali patebulo, yatsala mbali imodzi. Loweruka kukubwera mtsikana wina, mphunzitsi, anamuchotsa mwezi wathawu. Sanadziyang'anebe pagalasi. Ameneyo sindingamusinthire tsiku, akabwerera sadzabweranso. Ukasese, ukatsegule mawindo, timikanda tili m'chitini cha pansi pa tebulo." Anandiyang'ana kumaso. "Wakhala bwanji ngati wameza ntchentche? Za pini zija? Ziiwale. Ndinalakwa ndine, ndinayenera kukukhazika mbali yanga. Uphunzira."

Ndinawakonzera mapilo. Ndinawasendera lalanje, ndikuchotsa ulusi wake wonse monga ankakondera tili ana.

"Ukudziwa, Profesa," anatero akutafuna, "kunyumba kuja ndine wodwala. Kutchalitchi ndine umboni. Kuno ndine bedi nambala faifi. Ndikakhala pamakina paja ndi pamene munthu amalowa n'kundikalipira kuti ndachedwetsa thalauza lake. Sudziwa kukoma kwake kukalipiridwa."

Anagona dzuwa likadali pamwamba. Ndinatuluka kukafuna mpweya. Panja pa geti ogulitsa nthochi ndi madzi ankakuwa, ndipo Kalaliki anali ataimika galimoto yake pamthunzi wa mpanda, alamu ali mkati. Kumbuyo kwake kunali kalole kakang'ono, amuna awiri atakhala pamwamba ndi zingwe.

"Ndapeza anthu onyamula," anatero Kalaliki. "Kuli bwino tichite lero, asanatuluke. Akadzaona zatha kale sadzavutika mtima nthawi yaitali. Eni nyumba akutidikira folo koloko."

"Loweruka kukubwera munthu," ndinatero. "Mphunzitsi."

"Tidzamata pepala pachitseko."

"Bwanji tidikire atuluke, anene okha?"

"Mlamu," anatero alamu pawindo la galimoto, "mwanena nokha pamaso pa dokotala kuti akusokoneza mbali. Kapena sizinali choncho?"

Mmodzi wa amuna a palole aja anafunsa ngati makinawo ndi a chitsulo chakale chija, cholemera, kuti adziwe ngati aitane wachitatu. Kalaliki anati ndi omwewo. Kenako anatambasula dzanja.

Ndinatulutsa kiyi m'chikwama n'kumupatsa.